Mmene mungakonzere ulendo wa ku Likoma pa sitima ya Ilala

Mayi anga anakulira ku Nkhotakota, kufupi ndi tchalitchi cha All Saints, ndipo chiyambire ndili wamng'ono dzina la Likoma silinkachoka pakamwa pawo. Akamasita yunifolomu yawo ya Mothers' Union ankakonda kunena kuti, "Ine ndisanafe ndidzakapemphereko ku St Peter's." Ankanena tchalitchi chachikulu cha Anglican cha pachilumba cha Likoma. Ife ana tinkangoti inde amayi, mudzapita, monga mmene timayankhira akuluakulu pa zinthu zimene sitikuganiza n'komwe kuti zidzachitika. Kwathu mawu oti holide ankatanthauza kupita kumudzi kukathandiza kukolola, kapena kukakhala kwa azakhali ku Kasungu sabata ziwiri. Zokagona kunyanja popanda maliro, ukwati kapena msonkhano wa kuntchito tinkaziona ngati za azungu ndi mabwana a m'mabungwe.

Ndinawapititsa mayi ku Likoma atakwanitsa zaka 71. Tinali anthu anayi: iwo, ine, ndi ana anga awiri. Bambo a kunyumba anatsala ku Lilongwe chifukwa cha ntchito, komanso kunena zoona madzi amawaopa. Ine ndine mlembi wamba mu ofesi, malipiro anga ndi aja amatha pa 20, choncho zimene ndikulemba pano ndi za munthu wa thumba ngati langa. Amene mungakwanitse kukwera kandege kochokera ku Lilongwe n'kukatera pabwalo la pachilumbapo, n'kukagona ku loji yodula ya Kaya Mawa, zambiri mwa izi simuzisowa.

Yambani ndi sitima, tchuthi chibwere pambuyo

Ine ndinayambira kumchira. Ndinapempha kaye tchuthi kuntchito, abwana n'kusaina, ndiyeno n'kuyamba kufunsa kuti kodi Ilala imayenda liti. Musachite zimenezo. Ilala imazungulira nyanja kamodzi pa sabata. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa kulowera kumpoto, imafika ku Likoma Loweruka, n'kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba. Kumeneko imatembenuka, n'kudzanyamuka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, kufika ku Likoma Lachiwiri, ndipo Lachitatu imakhala yabwerera ku Monkey Bay. Ndiye kuti pa Likoma imadutsapo kawiri pa sabata: Loweruka ikupita kumpoto, Lachiwiri ikubwerera kummwera. Ulendo wanu wonse uyenera kukwanira pakati pa masiku awiri amenewa.

Apa pali njira ziwiri. Mutha kukwerera ku Nkhata Bay Lolemba usiku, kufika Lachiwiri, n'kudzabwerera Loweruka pa sitima yomweyo ikamapita kumpoto. Pamadzi mukhalapo maola ochepa, mtengo wa tikiti ndi wotsikirapo, ndipo pachilumba mugonapo masiku anayi. Njira inayo ndi yokwerera kummwera Lachisanu, kufika Loweruka, n'kubwerera Lachiwiri. Pachilumba mugona masiku atatu okha, pamadzi mutha tsiku lathunthu popita ndi linanso pobwerera.

Ine ndinali nditasankha kale ya ku Nkhata Bay, poona kuti ndi yotchipa komanso yaifupi. Nditawafotokozera mayi pafoni anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Nanga Lamulungu tidzakhala tili kuti, mwanawe?" Ndinawerenga pa zala. Lachiwiri mpaka Loweruka mulibemo Lamulungu. Ndikanawatengera mayi ulendo wonsewo kukawaonetsa tchalitchi chopanda anthu. Ndinabwerera kwa abwana ndi fomu ina ya tchuthi, manyazi ali tho.

Tsono dzifunseni kaye chimene mukupitira. Ngati n'kukasambira ndi kupuma, ya ku Nkhata Bay ikukwanirani. Ngati mukufuna mapemphero a Lamulungu m'tchalitchi chachikulu chija, kwererani kummwera. Ife tinasankha Monkey Bay penipeni, ngakhale kuti Nkhotakota ndi kufupi, chifukwa ku Monkey Bay n'kumene sitima imayambira: munthu amakwera masana, ili pagombe, malo asanadzaze. Kumadoko ena sitima imaima patali, anthu amaitsata pa maboti, nthawi zina pakati pa usiku. Mayi a zaka 71 a bondo lovuta sindikanawayesa zimenezo.

Pa njira imeneyi masiku a tchuthi werengani motere: Lachinayi loyenda pamsewu kukagona ku Monkey Bay, Lachisanu, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, n'kuwonjezerapo Lachinayi lina lapadera. Masiku 6 a ntchito. Lapaderalo musalichotse ayi. Sitima imeneyi ndi basi, lole ndi msika wa anthu a m'mbali mwa nyanja, ndipo siinyamuka padoko mpaka thumba lomaliza la chimanga litatsika. Maola olembedwa pa pepala ndi chiyerekezo chabe. Komanso nthawi zina imachotsedwa pamadzi kuti ikonzedwe, poti ndi nkhalamba: inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kampani ya Yarrow, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba ntchito pa nyanja yathu mu 1951. Choncho imbani foni ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay kapena ku malo amene mukagone ku Likoma, kawiri: kutatsala mwezi, ndiponso Lolemba la sabata yonyamukira. Safunsa anadya phula. Anthu a kumalo ogona pachilumba ndiwo amadziwa bwino kumene sitima ili, chifukwa alendo awo, mowa wawo ndi ndiwo zawo zimadalira iyo.

Palinso maboti ena amene amayenda pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi masiku amene Ilala kulibe. Amathandiza mukasiyidwa. Koma boti lodzaza mopitirira muyeso, lopanda majekete oyandamitsa, kukuwomba mphepo, ine ana anga sindingawakweze ngakhale mutandiuza kuti Lolemba andichotsa ntchito.

Mwezi wanji?

Amene simunakhaleko kunyanja mawu oti mwera mumangowamva pa wailesi. Ndi mphepo yochokera kummwera imene imawomba nyengo yozizira, makamaka June, July mpaka August, ndipo imautsa mafunde oti asodzi enieni amakokera mabwato awo kumtunda. Akuluakulu a kumpoto amakumbukirabe sitima ya Vipya imene inamira ndi mphepo mu July 1946 kufupi ndi Chilumba, n'kupha anthu oposa 100. Ilala yadutsa m'mwera zaka zoposa 70, koma mimba yanu sinazolowere. Vuto lake n'lakuti tchuthi chachitali cha ana a sukulu chimagwera momwemo. Ife tinadikira mpaka kumayambiriro kwa September, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, ndipo nyanja tinaipeza yofatsa kupatula maola angapo usiku.

Kukanakhala kuti ana palibe, ndikanasankha kumapeto kwa September kapena October. Kumatentha kwambiri, inde, koma madzi amakhala bata ndiponso oyera. May nayenso ndi wabwino, mvula itangotha, kukadali kobiriwira. December ndi January sindingakulangizeni: mvula, mphepo ya mpoto, misewu yoduka, ndiponso ndi nthawi imene ndalama iliyonse m'nyumba ili kale ndi mwini wake, kaya feteleza, kaya fizi, kaya Khirisimasi. A Anglican ena amakonda kupita cha pa 29 June, tsiku la Petro Woyera. Kumakhala chisangalalo, koma ndi pakati pa mwera, ndipo malo ogona muwafunefune msanga.

Ndalama

Ulendowu ndinaulephera kawiri ndisanaukwanitse, ndipo kawiri konseko chifukwa chinali chimodzi: ndalama ndinkasunga pa foni. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba ili ngati ndiwo zosavundikira. Mlamu waimba kuti mwana wadwala, magetsi atha, mnzanu wa kuntchito akukwatitsa, ndipo pofika mwezi wachitatu mwatsala ndi ya mayunitsi.

Chimene chinandithandiza ndi chipereganyu cha kuntchito. Tilimo anthu 10, aliyense amalandira mwezi wake. Ndinapempha anzanga kuti andiike mwezi wa August, ndipo ndinawauza poyera kuti ndi za ulendo wa mayi. Kunenako kunathandiza, chifukwa chaka chonse ankandifunsa kuti za ku Likoma zili pati, moti kubwerera m'mbuyo kukanandichititsa manyazi. Amene muli mu banki m'khonde mutha kuchita chimodzimodzi: onani mwezi umene mumagawana, ulendo muuike mwezi wotsatira. Chimene sindingavomereze ndi katapila. Kukongola kuti mukasambe m'nyanja ndiye kubwera ndi mchenga m'nsapato ndi ngongole pakhosi.

Mitengo sindilemba pano chifukwa ingakusokeretseni. Amene munasunga ndalama mu 2023 mukukumbuka kuti mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo zonse zimene munawerengera zinasanduka nthabwala. Mafuta akakwera, minibasi, sitima ndi chipinda zimakwera limodzi. Funsani mitengo ya lero, muwerengere, kenako pa zimene mwapezazo muwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine ndinagawa ndalama m'maenvulopu asanu: ya pamsewu, ya sitima popita, ya sitima pobwerera, ya malo ogona ndi chakudya, ndi ya mwadzidzidzi. Ya pobwerera ndinawapatsa mayi kuti amange pa chitenje, podziwa kuti kwa iwo siituluka ngakhale nditalira.

Tengani ndalama zogwirika, ndiponso zing'onozing'ono. Ma K5,000 okhaokha adzakuvutitsani pogula nthochi kapena polipira mnyamata wonyamula chikwama. Ma ejenti a ndalama za pafoni pachilumba alipo, koma netiweki ikagwa kapena ejenti akatha ndalama palibe kwina kothawira.

Pali nkhani ina imene anthu sainena. Abale akamva kuti mukupita kokayenda, ena amaona ngati mwatola chikwama cha ndalama. Achimwene anga anandifunsa kuti bwanji ndalamazo osagulira malata a nyumba ya kumudzi. Ndinawayankha mwaulemu kuti malata adzagulidwa, koma bondo la amayi silidikira. Kukonza ulendo ndi mayi kunandipepukitsira mlandu umenewu. Mukamapita nokha, uzani anthu ochepa.

Pokwera ndi ponyamula

Ilala ili ndi magawo. Pansi pali ekonome, pamene pamakwera anthu ambiri ndi katundu wawo: matumba a ufa, usipa wouma, makreti a zakumwa, malata, njinga, nkhuku. Ndi potchipa, pamacheza anthu, koma pamatentha, pamapanikizana, ndipo fungo la nsomba ndi la injini likakumana ndi mafunde, wosazolowera amasanza. Pali sekondi kalasi ya mabenchi. Pamwamba penipeni pali deki ya fesiti kalasi, poyera, pali bala, ndipo anthu amagona pansi pa matiresi obwereka kapena pa mphasa zawo. Ndiye pali timazipinda tochepa ta mabedi, timene muyenera kusungitsa pasadakhale.

Maganizo anga ndi awa: pa ulendo waufupi wochokera ku Nkhata Bay, wachinyamata atha kupirira pansi. Pa ulendo wa tsiku lathunthu, muli ndi ana kapena okalamba, lipirani deki ya pamwamba, ndalamazo muzichotse pa malo ogona a ku Likoma. Ife tinatero. Kachipinda ka mayi ndinakaganizira, koma iwo anakana, amvekere, "Ndabwera kudzaona nyanja, osati khoma."

Zonyamula zisachuluke. Chikwama chimodzi munthu aliyense, choti atha kuchinyamula yekha, makamaka chobereka kumsana. Sutukesi ya matayala pamchenga ndi chipsinjo. Musaiwale juzi ndi bulangete, ngakhale mu October, chifukwa pakati pa nyanja usiku kumazizira modabwitsa. Zitenje tengani zingapo: chimodzi chofunda, china choyala, china chotchinga dzuwa. Mafoni, ziphaso ndi ndalama zikhale m'pepala la pulasitiki lomanga bwino. Tochi, pawabanki, sopo, tishu, madzi akumwa a tsiku limodzi. Nsapato zikhale zoti zitha kunyowa, ndipo amayi valani chinthu choti mutha kukwera nacho makwerero ndi kuponda m'madzi mosadandaula. Mankhwala a BP a mayi ndinatenga a sabata ziwiri m'malo mwa imodzi, n'kuwagawa m'zikwama ziwiri. Chipatala cha St Peter's chilipo pachilumba, koma mankhwala anu a tsiku ndi tsiku musakawafunire kumeneko.

Chakudya m'sitima amagulitsa, nsima ndi mpunga, nyemba, nsomba kapena nkhuku. Komabe kamba wanu tengani. Ife tinanyamula mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, buledi ndi fulasiki ya tiyi. Mwana amene amachita chizungulire m'minibasi adzachitanso m'sitima, choncho pitani ku famase musananyamuke mukafunse mankhwala oletsa nseru, ndipo amwe sitima isananyamuke, osati atayamba kale kutuwa. Akayamba kumva nseru, mukhazikeni pamphepo aziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo, foni aiike pansi.

Usiku wa pa Nkhotakota

Tinafika pa Nkhotakota usiku kwambiri. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa unyolo wa nangula, ndipo nditadzuka ndinapeza mayi ataima kale pa chitsulo cha m'mphepete, atafunda bulangete kumutu. Kumtunda kunkangooneka timagetsi tochepa. Anthu a m'sitima anatsitsa maboti awiri aja amapachikidwa m'mbali, ndipo anayamba kupita kugombe n'kumabwera atadzaza. Pansi pathu, pa kakhomo ka m'mbali mwa sitima, panali chipwirikiti chimene sindidzaiwala. Thumba la chimanga likukwera, mayi wina akutsika chafutambuyo mwendo ukufunafuna popondera, wina akukuwa kuti "Landirani mwanayo! Landirani mwanayo!" ndipo khanda lokulungidwa m'chitenje linadutsa m'manja mwa amuna atatu osalidziwa lisanafike kwa mayi ake. Pambuyo pake panakwera matiresi, njinga yamoto, ndi mbuzi imene inalira ngati ikuphedwa. Zinatenga maola.

Mayi anandikoka dzanja n'kuloza mumdima. "Apo ndi pa Linga. Tchalitchi chathu chili chakuno. Bishopu Maples agona pamenepo." Nkhaniyo ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu: Chauncy Maples, mmodzi wa amene anayambitsa mishoni ya Anglican ya UMCA pa Likoma pamodzi ndi William Percival Johnson, anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 akubwerera ku Likoma atangodzozedwa kumene ubishopu, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota. Mayi anakula akusesa pafupi ndi manda ake, koma kwawo anali asanakuonepo ali pamadzi. Anaima pamenepo mpaka nangula atakwera.

Mukakhala pa deki, nthawi ngati imeneyi ndi yoyang'anira katundu, chifukwa anthu amakwera ndi kutsika ambiri. Ine chikwama cha ndalama ndinachisandutsa pilo.

Pachilumba

Likoma ndi kachilumba kokula masikweya kilomita 18, ndipo ngakhale ndi boma la Malawi, kazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mapiri amene mumawaona pafupi kum'mawa ndi a ku Mozambique, ndipo tauni yaing'ono ya tsidya lija ndi Cobue. Chifukwa chake chilumbachi chili chathu ndi mishoni ija: azungu pogawana malire, zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsalira mbali ya Britain poti panali amishoni a Anglican. Kupita ku Likoma simufunika pasipoti, chitupa cha unzika chikukwanira. Koma ngati mukufuna kuwolokera ku Cobue, limenelo ndi dziko lina, tengani pasipoti ndipo mudzere ku ofesi ya olowa ndi otuluka.

Malo ogona sungitsani musananyamuke, chifukwa tsiku la sitima alendo onse amafika nthawi imodzi. Alipo a mitundu itatu. Ma resitihausi a pa Mbamba, pafupi ndi doko, msika ndi tchalitchi, ndiwo otchipa. Malo a m'mphepete mwa nyanja monga Mango Drift ndi Ulisa Bay ali ndi mchenga wabwino, ndipo ena amalola kumanga tenti, koma ali patali ndi tauni. Ndiye pali a madola aja, monga Kaya Mawa. Ife tinagona pa Mbamba masiku onse atatu kuti mayi aziyenda wapansi kupita ku tchalitchi, ndipo tsiku la Lolemba tinakathera kugombe la kumadzulo kuti ana asambire, n'kubwerera madzulo. Poimba foni funsani zinthu zinayi: neti ya udzudzu ilipo, madzi osamba alipo, amaphika kapena mukadya kwina, ndiponso ngati adzakuchingamirani ku doko. Muwauzenso kuti ndinu Mmalawi, chifukwa malo ambiri a alendo ali ndi mtengo wa eni dziko wosiyana ndi wa akunja, koma sautchula mukapanda kufunsa.

Magalimoto ndi owerengeka. Anthu amayenda wapansi kapena pa kabaza wa njinga yamoto. Muziyenda m'mawa, dzuwa la masana limaswa mutu, ndipo mthunzi wake ndi wa milambe ndi mango. Milambe ndiye ili ponseponse, ina yaikulu moti ana anga ndi anzawo asanu amene anawapeza kumeneko analephera kuizungulira atagwirana manja.

Pa chakudya, iwalani za mumzinda. Nthaka ya pachilumba ndi yamiyala, chimanga chambiri chimabwera pa sitima, ndiye zinthu za m'golosale n'zokwera mtengo kuposa ku Lilongwe. Chotchipa ndi nsomba. Pitani kugombe m'mamawa asodzi akamafika, mugule usipa kapena utaka wauwisi, mukapatse amene akukuphikirani. Mudye ndi kondowole. Ana anga poyamba anaikana, akuti ikumata m'manja, koma pofika Lolemba wamng'ono ankamaliza mtanda wake n'kuyang'ana wa agogo ake. Chilankhulo sichivuta. Chinyanja cha kumeneko chili ndi kamvekedwe kake ndi mawu ena achilendo, ena amalankhula Chitonga, koma mumamvana bwinobwino. Moni musaumire, pachilumba aliyense amadziwa kuti mwabwera pa sitima ya dzulo.

St Peter's

Zithunzi sizikuuzani kukula kwake. Mumayenda m'kanjira ka fumbi pakati pa nyumba wamba, mbuzi zikudutsa, kenako mwangoti tulukiru pa chinyumba cha miyala ndi njerwa chotalika ngati bwalo la mpira, chokhala ndi nsanja ziwiri. Anayamba kuchimanga mu 1903, n'kuchipatula mu 1911. Malowo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni anasankha dala pamenepo. Loweruka madzulo bambo wina wosamalira tchalitchi anatiyendetsa m'kati, n'kutionetsa mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya yosemedwa pa mwala, ndi kamtanda kamene amati kanasemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pamene panakwiriridwa mtima wa David Livingstone mu 1873. Dera limenelo ndi la Ilala, ndipo n'kumene sitima ija inatenga dzina. Wokuyendetsani mumpatse kangachepe, ndipo m'bokosi la chopereka muponyemo kanthu, chifukwa denga la nyumba yotere kulisamalira si masewera.

Lamulungu valani za kutchalitchi, osati za kugombe. Funsani nthawi ya mapemphero Loweruka, ndipo mufike msanga. Mapemphero ndi aatali, ana adye kaye. Mayi anavala yunifolomu yawo imene anainyamula yositasita m'pepala la pulasitiki kuchokera ku Lilongwe. Amayi a Mothers' Union a kumeneko atangoiona anabwera kudzawatenga, "Tiyeni kuno, amayi, malo anu ali kutsogolo," ine ndi ana n'kutsala kumbuyo ngati alendo awo. Nyimbo yoyamba itayamba ndinawaona akutsegula buku lawo lakale lija la chikuto chong'ambika, koma sanayang'anemo. Titatuluka sananene zambiri. Anangoti, "Kwaya yake imakoka nyimbo ngati mmene ankaimbira agogo ako."

Kusamba m'nyanja ndi kubwerera

Madzi a ku Likoma ndi oyera moti mumaona tinsomba ta mbuna ta buluu ndi tachikasu tikuzungulira miyala. Sambani pamene eni malo akuuzani kuti m'pabwino, pa mchenga poyera, osati m'mabango kapena m'madzi odikha, ndiponso osati usiku, poti ng'ona m'nyanja muno zilimo. Ana asalowe okha, pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi. Likodzo m'nyanja ya Malawi lilipo. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, akakuyezeni kapena akupatseni praziquantel malinga ndi kulemera kwa thupi lanu. Aliyense akatentha thupi m'sabata zotsatira, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Mukaona chinthu ngati utsi wakuda chikukwera pakati pa nyanja, sikuti kwapsa, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja amatigwira n'kuumba zitumbuwa zake. Mwana wanga wamkulu analawa, ine ndinapepesa.

Za pobwerera zikonzeni Lolemba madzulo. Longedzani zonse, lipirani chipinda, ndipo muwapemphe eni malo kuti akudzutseni sitima ikangolira, chifukwa yochokera ku Nkhata Bay itha kufika kusanache. Imakhalitsa padoko potsitsa katundu, koma musadalire zimenezo n'kupita kukasamba kutali. Mukaiphonya, yopita kummwera ina ndi ya Lachiwiri la sabata yamawa. Malambe ndi usipa wouma wa anthu a kunyumba mugule Lolemba lomwelo, ndipo usipawo muukulunge kawiri, apo ayi zovala zonse zidzanunkha mpaka Khirisimasi.

Ife sitima inalira cha m'ma 4 koloko m'mawa, koma tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Ku Monkey Bay tinafika Lachitatu mochedwa, minibasi za ku Lilongwe zitapita, ndipo tinagonanso komweko ndi ndalama za mu envulopu ya mwadzidzidzi. Kunyumba tinalowa Lachinayi masana, tsiku lapadera lija. Lachisanu ndinali pa desiki yanga, pansi pakuyendabe ngati ndili pamadzi.